Lamlungu Limene Royce Anasowa Womuyankha

Royce Tunnicliffe anabadwa ndi chuma cha mitundu iwiri: dzanja lamanja ndi pakamwa. Dzanjalo linayamba kutha ali ndi zaka makumi atatu. Pakamwa pokha ndi pamene sipanadwalepo ngakhale chimfine.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kunabwera anthu a ku America ku Ipswich, tauni ya kwawo ku Australia, anamuona akuponya mpira wa besibo, masewero omenya kampira ndi chibonga, n'kumutenga. Nyuzipepala ya m'tauni inamujambula pabwalo la ndege atavala jekete la bambo ake. Ku America anakhalako zaka khumi ndi chimodzi, akugona m'mabasi, akusewerera timatimu ta m'matauni amene ngakhale eni dzikolo sawadziwa. Kenaka tsiku lina anamuitana ku ligi yaikulu. Anakwera pa kachitunda ka woponya, anthu zikwi makumi anayi akumuyang'ana, ndipo anaponya mipira itatu. Woyamba unadutsa pamwamba pa aliyense. Wachiwiri unagunda woyimbira masewero pabondo. Wachitatu womenya anaulandira ndi chibonga chake, ndipo mpaka lero mpirawo sunapezeke. M'mawa mwake Royce anali m'basi.

Kuponya mipira itatuyo sikunamutengere mphindi ziwiri, koma kuifotokoza kunkamutengera ola lathunthu. Atabwerera kwawo, anakwatira Noeline, n'kuyamba kuponyera timu ya Mileme ya Ipswich m'chilimwe, miyezi yozizira n'kumagulitsa penti. Aliyense wofuna chitini cha penti ankachoka m'sitolomo atamva za America. Anzake a m'timu ankaimva nkhaniyo pabenchi, m'basi, m'bafa, ngakhale pamaliro a amayi ake a kochi. Chaka chilichonse womenya uja ankatalika pang'ono, ndipo mphepo ya tsikulo inkakula.

Pamene Royce ankakwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, mpira wake unali utafooka kwambiri moti Tavita Leota, chimunthu chachikulu chimene chinkanjuta kumbuyo kwa womenya n'kumawakha mipira yake, ankati amatha kudya soseji yonse mpira uli m'njira. Maso nawonso anali atayamba kukana. Magalasi Royce sankafuna kumva, ati woponya wovala magalasi saopsa. Choncho Tavita ankapaka zikhadabo zake penti yoyera, yochokera m'sitolo momwemo, kuti Royce aziona zala zomuuza mpira woti aponye. Bolodi yolembapo zigoli, imene inali kutsidya kwa bwalo pafupi ndi mitengo ya bulugamu, kwa iye inali chinthu chobiriwira basi. Pa zigawo zisanu ndi zinayi za masewero, sankafikanso chachisanu asanamutsitse pa kachitundapo.

Lachisanu lina m'mwezi wa Januwale, kochi Merv Haldane anamuitanira m'kachipinda kosungiramo makina otchetchera udzu.

"Khala pansi, Royce."

"Mukudziwa kochi, mawu amenewo ndi amene anandiuza bwana uja ku America tsiku limene…"

"Royce."

"Mphepo inkachokera kumanzere, mumvetse."

"Royce, tseka pakamwa kwa mphindi imodzi yokha. Ndikuwerengera."

Merv anafotokoza mwachangu, podziwa kuti mphindiyo siikwana. Bambo Brannigan, mwini timu, amene ankagulitsa matayala, anali atapeza woponya wina wamphamvu. Malo analipo amodzi. Lamlungu Royce aponya komaliza. Akachita bwino, atsala m'timu chaka china. Akalephera, timu siimutaya, chifukwa ndi munthu wakale. Pali ntchito ina.

"Ntchito yanji? Kuphunzitsa oponya?"

Merv analoza kukhoma. Pamsomali panali chovala cha mleme, chaubweya wakuda, chamapiko otambasuka ndi chimutu chosekerera, chimene munthu ankavala n'kumavina pamaso pa oonerera.

"Amene ankachivala anakomoka ndi kutentha sabata yatha, ndipo wati sabweranso," anatero Merv. "A Brannigan akuti msinkhu wako ndi womwewo."

"Ine? Munthu amene ndinaponyapo mu ligi yaikulu?"

"Mipira itatu."

"Chabwino, ndikavala ndizitha kucheza ndi anthu, kuwafotokozera…"

"Mleme sulankhula, Royce. Ndi lamulo. Umangokupiza mapiko."

Apa ndi pamene Royce anaona kuti nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa.

Kunyumba anapeza Noeline akudula thumba lonse la anyezi, pakuti ndiye ankagulitsa soseji mu buledi pakantini ya pabwalo. Anamvetsera mpeni uli m'manja, osasiya kudula.

"Vala mlemewo," anatero. "Sufuna phewa. Iwe phewa ulibe. Zochapa ndimayanika ndekha chaka chachinayi tsopano."

"Noeline, mleme sulankhula!"

"Ndamva. N'chifukwa chake ndikuti uvale."

Anatsegula firiji, n'kumuponyera paketi ya nsawawa zoundana kuti aike paphewapo. Paketi imeneyo inali itatumikira phewa la Royce zaka ziwiri, ndipo palibe ankaganiza zoiphika.

Lamlungu dzuwa linatuluka ndi mkwiyo. Pofika 2 koloko masana, mipando yachitsulo inkawotcha ntchafu, ndipo mileme yeniyeni m'mitengo ya bulugamu inkadzikupiza ili chizondozondo. Kunabwera anthu pafupifupi mazana asanu ndi limodzi, ambiri chifukwa cha mowa wozizira. Alendo anali timu ya ku gombe, anyamata a mikono ngati mitanda ya denga, ozolowera mipira yothamanga ngati chipolopolo.

Womenya woyamba anaima, anaona mpira wa Royce ukunyamuka, anazunguza chibonga ndi mphamvu zake zonse, anamaliza, anawongoka, kenaka mpira unafika. Anatero katatu n'kutuluka. Wachiwiri anaukhudza pang'ono, unakwera m'mwamba n'kugwera m'manja mwa munthu. Wachitatu anatukwana.

Royce anatsika n'kukakhala pakati pa benchi, malo ake a masiku onse.

"Mwamuona wachitatu uja? Amaima ngati mnyamata wina amene ndinakumana naye ku America. Iwe Tavita, ndinakuuza za ameneyo?"

"Kasanu, madala."

"Koma sindinakuuze za nsapato zake."

"Munandiuza. Zofiira."

"Zofiira zakuda, osati zofiira wamba."

Chigawo chachiwiri chinapita chimodzimodzi, chachitatunso. M'chigawo chachinayi Royce anagunda womenya wina ndi mpira m'nthiti, ndipo mwa lamulo munthuyo anapatsidwa mwaulere ngodya yoyamba, malo amene womenya amathamangirako akamenya mpira. Anayenda akuseka, n'kufuula kuti, "Agogo, mpira wanu sunavulale?" Koma zoterezi siziwerengedwa ngati kumenya. A Mileme anapeza chigoli chimodzi, mwangozi, mlendo wina atasochera ndi dzuwa m'maso.

Tsono m'besibo muli mwambo. Woponya akafika pakati pa masewero popanda mdani ndi mmodzi yemwe womenya mpira wake n'kufika pangodya yoyamba, chinthu chimene oponya ambiri amafa asanachione, palibe amene amaloledwa kuchitchula. Anzake samulankhula, samuyang'ana, sakhala naye pafupi. Amati ukangochitchula, chimathawa. Amuna akuluakulu andevu, ena ophunzira ndithu, amakhulupirira zimenezi kuposa zimene dokotala amawauza. Royce mwambowu ankaudziwa bwino. Ku America anauphwanyapo kamodzi, pouza mnzake kuti, "Aise, ukudziwa kuti palibe wakumenya?" Mpira wotsatira unamenyedwa, ndipo anzake anamutsekera m'chimbudzi cha m'basi mtunda wa makilomita mazana awiri. Koma kuti mwambowo ungachitike chifukwa cha iyeyo, zimenezo sizinamulowepo m'mutu. Ndipo poponya sankawerenga kanthu. Ankakhala akukonza m'mutu zimene akanene akafika pabenchi.

Chitatha chigawo chachisanu, anatsika thukuta lili kamukamu, n'kukhala pamalo ake. Amene anali kumanja kwake ananyamuka kukamwa madzi. Wa kumanzere anakumbukira kuti chingwe cha nsapato yake chimamangika bwino kumapeto kwa benchi.

"Kutentha kumeneku n'kwamasewera," anayamba Royce. "Ku Texas ndinaona phula likusungunuka mpaka galu…"

Zii.

"Tavita, ndati ku Texas."

Tavita ankayang'anitsitsa zikhadabo zake zoyera ngati waziona koyamba.

"Tavita! Wagontha?"

Tavita anadzuka n'kukaima kukona, nkhope kukhoma.

Royce anayang'ana uku ndi uku. Amuna makumi awiri anali atapanikizana mbali imodzi ya benchi ngati nkhuku pamvula, mbali inayo ali yekha ndi botolo la madzi. Anakumbukira tsiku limene bambo ake anagonekedwa m'chipatala, mmene anamwino ankayang'anira pansi akamadutsa. Anthu amatero akadziwa chinthu chimene iwe sunauzidwe. Kenaka anakweza maso. Wina anali atapachika chovala cha mleme pakhomo la benchi kuti chiume thukuta la mwini wake wakale, ndipo chimutu chija chinkamusekerera.

Basi, anaganiza Royce. Agwirizana kale. Masewerowa ndi mwambo wa maliro chabe.

Anakwera pa kachitunda m'chigawo chachisanu ndi chimodzi mtima uli kwina. Sankasamalanso za womenya. Ankangoona chala choyera cha Tavita, kuponya, kulandira mpira, kuponyanso, m'mutu akukonza mawu oti akamuuze Merv. Mipira inkayenda mwaulesi kuposa kale, ikugwedezeka m'njira ngati woledzera, ndipo anyamata a ku gombe ankadzipotokola misana. Mmodzi anaumenya ndithu mwamphamvu, koma unalunjika pachifuwa cha wosewera wa Mileme amene anauwakha podziteteza.

Pabenchi anayesa njira ina.

"Kochi, ndalingalira. Nkhani ya ku America ija ndikhoza kuifupikitsa."

Merv anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe ngakhale kamtambo.

"Ndikhoza kuchotsamo za mphepo."

Merv anayamba kutafuna chipewa chake.

"Zaka khumi ndakuponyerani, kochi. Pamaliro a amayi anu ndinalankhula ndine."

Merv anatseka maso, zikuoneka kuti anakumbukira.

Pofika chigawo chachisanu ndi chiwiri, chete uja anali atafalikira bwalo lonse. Oonerera, amene masiku onse ankafuula kuti "Pita kunyumba, Royce!" anali duu, zitini za mowa zili m'manja. Royce anapeza kuti kutukwanidwa kuja ankakukonda. Kunali kucheza ndithu. Ngakhale wolengeza pa chimkuzamawu, amene ntchito yake inali kutamanda matayala a Brannigan mphindi zisanu zilizonse, anangoti, "Amayi ndi abambo, yang'anani bolodi. Ine sindinena kanthu."

Royce anayang'ana bolodi. Anaona chinthu chobiriwira. Anaganiza kuti alembapo kale za kutsanzikana naye, mwina ndi chithunzi cha mleme. Anaponya mipira isanu ndi inayi mokwiya, ndipo anthu atatu anatuluka.

Atamaliza kuponya chigawo chachisanu ndi chitatu, phewa likuyaka moto, Royce sanakhalenso pansi. Anatenga chikwama chake, anaikamo golovesi, thaulo ndi mafuta opaka, n'kuima pakati pa benchi.

"Amuna inu," anatero, "sindidikira kuti mundiveke ubweya. Ndikupita ndekha, ndi ulemu wanga. Amene ali ndi mawu anene pano."

Amuna makumi awiri anayang'anizana, maso ali tong'o. Chinatsala chigawo chimodzi, anthu atatu okha oti atuluke, ndipo mwini nkhani ankapita kunyumba. Kumuletsa kunafunika kumulankhula. Kumuuza chifukwa kunafunika kuchitchula chinthucho.

"Palibe? Chabwino."

Tavita anathamanga n'kuima pakhomo, kulitseka lonse ndi thupi lake, maso ali kudenga.

"Choka, Tavita."

Tavita anapukusa mutu.

"Nanga lankhula."

Tavita anapukusanso mutu, misozi ili m'maso.

Kumbuyo, Merv anali atatola pensulo ndi kapepala. Wina anamugwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Kulemba n'kutchula komwe, kochi."

"Wanena ndani?"

"Aliyense amadziwa."

"Nanga kujambula?"

"Mujambula bwanji chinthu chimene sichinachitike?"

Akukangana choncho, Royce anaponya chikwama pamwamba pa kampanda ka benchi, anakwera, anagwera mbali inayo, n'kulunjika kukantini. Anthu mazana asanu ndi limodzi anatembenuka kumuyang'ana. Pabwalo a Mileme ankamenya, ndipo womenya wawo, ataona zimene zikuchitika, anayamba kumasula nsapato ndi kuimanganso kuti nthawi ipite. Mzere wa ogula soseji unagawikana pakati popanda wonena kanthu, ngati kukudutsa bokosi la maliro.

Noeline ankatembenuza soseji pachitsulo chamoto.

"Makiyi a galimoto," anatero Royce.

"Ukupita kuti?"

Royce anatsala pang'ono kulira. Anali mawu oyamba omulankhula iye kuchokera chigawo chachinayi.

"Kunyumba. Andichotsa, Noeline. Palibe akundilankhula. Tavita, amene mwana wake ndinamunyamula paubatizo, akuyang'ana khoma. Merv akudya chipewa. Ngakhale aja amanditukwana asiya. Munthu ngati watha, amuuze pamaso."

Noeline anayang'ana kumbuyo kwa mwamuna wake. Merv anali atafika, akukupiza manja ngati akuimitsa sitima, chala pamilomo. Tavita anali atagwada pa simenti, manja atawaphatikiza. Bambo Brannigan anali atatsika pampando wawo wa pamthunzi, akupukusa mutu mpaka masaya kugwedezeka. Amuna onse a pamzere ankachita chimodzimodzi, aliyense ndi buledi wake m'manja.

Noeline anali atagwira ntchito pakantinipo zaka khumi, ndipo mwambowo ankaudziwa. Ankadziwanso kuti soseji makumi anayi zinali pamoto ndipo palibe ankagula.

"Royce," anatero, "ukanavala magalasi ukanaona bolodi. Chiyambire masewerowa palibe ndi mmodzi yemwe wamenya mpira wako n'kufika pangodya. Zigawo zisanu ndi zitatu. N'chifukwa chake abambo onsewa akuchita ngati alodzedwa. Pita ukamalize, anyezi wanga akupserera."

Bwalo lonse linabuula kamodzi, ngati ng'ombe. Munthu wina anagwetsa chitini cha mowa chosatsegula. Merv anavula chipewa chonyowa chija n'kuchigwira pachifuwa.

"Wachitchula," ananong'ona Tavita. "Mayi, mwachitchula."

"Ndatchula. Dzuka pamenepo, ukutchinga makasitomala."

Royce anaima pakamwa pali yasa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sipanatuluke kanthu.

"Ine?" anatero pomaliza.

"Iwe. Nanenso ndadabwa. Siya chikwamacho apa."

Ulendo wobwerera pa kachitunda unali wautali. Tsiku lonse Royce anaponya osaganiza, tsopano maganizo anabwera onse pamodzi ngati alendo a paukwati. Mpira unkalemera ngati chitini cha penti. Anayang'ana chinthu chobiriwira chija kutsidya, ndipo chinamuyang'ananso.

Womenya woyamba anazunguza chibonga katatu pamphepo n'kutuluka. Anthu sanaombe m'manja, kuopa kuwonjezera tsoka. Wachiwiri anaumenya, mpira unakwera, unapita, unapita, Royce anatseka maso, ndipo wosewera wa kumapeto anauwakha msana uli pampanda. Awiri atuluka. Watsala mmodzi.

Amene anabwera anali wamfupi kuposa onse m'timu ya alendo, munthu amene tsiku lonse anali asanaukhudze mpira. Tavita ananjuta, n'kutsitsa chala chimodzi choyera: uja waulesi, uja womwewo, madala.

Apa Royce anayamba kuona nkhani. Anadziona ali m'sitolo ya penti zaka makumi awiri zikubwerazo, akufotokoza mpira womaliza wa tsiku lalikulu la moyo wake. Kodi adzanena kuti chiyani? Kuti unayenda pang'onopang'ono mpaka munthuyo anatopa kudikira? Nkhani yotero siigwira. Mpira womaliza uyenera kulira mumphepo. Uyenera kukhala uja wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, umene unachititsa anthu a ku America kukwera ndege.

Anapukusa mutu. Tavita anatsitsanso chala chomwecho. Royce anapukusanso. Tavita anachigwedeza chalacho mpaka penti kutsala pang'ono kusuluka. Royce anakweza mwendo m'mwamba monga ankachitira kale, anasonkhanitsa zonse zimene zinatsala m'phewamo, n'kuponya ndi mphamvu zake zonse.

Mpirawo unathamanga ndithu. Unathamanga liwiro la munthu wamba, limene anyamata a ku gombe anakhala akulidikira kuyambira 2 koloko. Wamfupi uja anamwetulira. Phaa! Mpira unadutsa pakati pa osewera awiri n'kugudubuzika paudzu, ndipo iye anafika pangodya yoyamba akuyenda ngati akupita kukagula nyuzipepala.

Mitu mazana asanu ndi limodzi inatembenukira kukantini. Noeline ankathira tomato sosi pa buledi.

Masewero anali asanathe. Phewa la Royce tsopano linali litafa, moti mipira itatu yotsatira inayenda mwaulesi umene sunaonekepo m'dziko la Australia, ndipo womenya womaliza anadzizunguza mpaka kukhala pansi. A Mileme anapambana ndi chigoli chimodzi chija.

Pabenchi mawu anabwerera onse nthawi imodzi.

"Munali nacho m'manja, madala!"

"Pakamwa pa mkazi!"

"Munthu mmodzi yekha! Mmodzi!"

"Chikhala mayi aja sanatchule!"

Tavita yekha ndiye anafika pafupi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Madala, ine ndinati waulesi."

"Chinali chitatchulidwa kale, mwana wanga," anayankha Royce, akumusisita paphewa ndi dzanja lamanzere. "Ngakhale ndikanaponya uti."

Tavita anayang'ana chala chake, anayang'ana Royce, n'kuona kuti mlandu wapeza kale mwini. Anakapukuta penti.

Bambo Brannigan anabwera ndi Merv, wa nyuzipepala ali pambuyo pawo. Munthu amene walandidwa mbiri ndi mkazi wake pamaso pa tauni yonse sungamuveke ubweya sabata yomweyo. Anthu sangagulenso matayala ako. Anamugwira chanza Royce, mosamala, n'kulengeza kuti woponya wawo wakale atsala chaka china. Woponya wamphamvu uja anamupezera malo pabenchi, ndipo chovala cha mleme anachiveka mlamu wawo wa a Brannigan.

Lachiwiri nyuzipepala inatulutsa chithunzi cha Noeline atagwira chopanira soseji, pansi pake atalemba kuti ndiye mayi amene anachitchula. Amuna a m'tauni anagwirizana zonyanyala kantini. Ananyanyala Lamlungu limodzi mpaka chigawo chachitatu, fungo la anyezi litafika pamipando.

M'sitolo ya penti nkhani ya ku America inapuma. Inalowa m'malo mwake inali yabwino koposa, chifukwa inali ndi wolakwa, ndipo wolakwayo sanali Royce. Inkatenga ola ndi theka. Mpira womaliza uja unkathamanga kwambiri mwezi uliwonse, ndipo wamfupi uja pofika Isitala anali atatalika ndithu.

Koma anyamata a Mileme nawo anali ataphunzirapo kanthu. Zigawo zinayi zija, kuyambira chachisanu mpaka chachisanu ndi chitatu, zinali zokoma kuposa zonse zimene anakhalapo pabenchi imeneyo. Munthu ankamva mbalame. Ankamva maganizo ake. Tsono chilimwe chotsatira, tsiku loyamba limene Royce anaponya, atangotsika m'chigawo choyamba, alendo atamenya kale mipira yake inayi ndi kupeza zigoli ziwiri, anapeza amuna makumi awiri atapanikizana kumapeto kwa benchi, Tavita nkhope kukhoma, Merv akuyang'ana kumwamba.

"Amuna inu, mukukumbukira Lamlungu lija mkazi wanga…"

Zii.

Royce anayang'ana misana yawo, anayang'ana chinthu chobiriwira kutsidya kwa bwalo, n'kukhala pansi pang'onopang'ono, chifuwa chitatukuka.

Madzulo ake anafika kunyumba akuwala nkhope. Noeline anamuponyera paketi ya nsawawa, ndipo iye anaiwakha ndi dzanja lamanzere.

"Ukudziwa, Noeline, anyamata aja tsopano amandikhulupirira. Sadikiranso chigawo chachisanu. Ndikangoponya mpira woyamba, onse duu. Amaona kuti tsiku lililonse chikhoza kuchitika."

"Lero zathera bwanji?"

"Atigonjetsa, zisanu ndi zinayi kwa chimodzi. Koma ulemu wake, Noeline! Ngakhale m'bafa sanandilankhule."

Noeline anaika mpeni pansi. Anatsegula pakamwa. Anamuyang'ana mwamuna wake atakhala pampando wa m'khitchini, nsawawa paphewa, akumwetulira ngati mnyamata wa m'jekete la bambo ake uja. Anatseka pakamwapo, anatola mpeni, n'kupitiriza kudula anyezi. Zinthu zina ukazitchula zimathawadi.